Musanagule koilo "yamphamvu" ya galimoto yanu yakale

Mwini galimoto yakale akangodandaula kuti injini yafooka, ikumwa petulo kapena ikuvuta kulira mmawa, malangizo amene amabwera msanga ndi akuti asinthe koilo. Ena amapitirira n'kunena kuti asagule koilo wamba, agule "yamphamvu", ija pabokosi pake palembedwa kuti imatulutsa ma volts 40,000 kapena 50,000. Amati akangoiika, galimoto izikwera chitunda ngati yatsopano ndipo mafuta azikhalitsa.

Nkhaniyi ikutikhudza kwambiri ife okhala kumidzi. M'madera ambiri, pikiapu imodzi yakale ndi imene imatengera chimanga kumsika masana, ndipo usiku yomweyo imathamangitsira mayi woyembekezera kuchipatala. Aphunzitsi ndi alangizi ambiri amene ali ndi galimoto anagula yakaunjika ndi ndalama za ngongole zimene akubwezabe mwezi ndi mwezi. Zipangizo za galimoto pafupifupi zonse zimachokera kunja, ndipo chigwetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, palibe chipangizo chimene munthu angagule mongoyesa.

Mfundo yanga ndi yakuti koilo imatha kubwezeretsa mphamvu imene galimoto yataya, koma siingaipatse mphamvu yoposa imene injini inapangidwa nayo. Ndiponso koilo yosagwirizana ndi galimoto yanu, ngakhale ikhale yodula chotani, ikhoza kuwononga zipangizo zina zimene zinali bwinobwino. Kuti zimenezi zimveke, tiyambe taona ntchito ya kachipangizoka.

Ntchito ya koilo

Injini ya petulo imayenda ndi moto umene umayaka m'kati mwa silinda. Pisitoni imapanikiza mpweya wosakanizika ndi petulo, kenako pulagi imathetheka n'kuuyatsa, ndipo kuyakako kumakankha pisitoni. Kumapeto kwa pulagi kuli mpata waung'ono, pafupifupi milimita imodzi, umene magetsi amayenera kudumpha kuti moto uoneke.

Batire la galimoto lili ndi ma volts 12 okha, ndipo mphamvu yotere singadumphe mpata umenewu. Mumpweya wapanja, magetsi amafuna ma volts pafupifupi 3,000 kuti adumphe milimita imodzi. M'silinda, momwe mpweya wapanikizidwa, amafuna kuwirikiza kangapo pamenepo. Ntchito ya koilo ndi kutenga ma volts 12 aja n'kuwakweza mpaka masauzande ambiri.

Mukaitsegula, mupezamo mawaya awiri a kopa okulungidwa pachitsulo chimodzi. Waya woyamba ndi wonenepa ndipo amazungulira maulendo mazana ochepa chabe. Wachiwiri ndi wopyapyala ngati tsitsi ndipo amazungulira maulendo 15,000 mpaka 30,000. Magetsi a m'batire akamadutsa m'waya woyamba, chitsulo chija chimasanduka maginito. Magetsiwo akadulidwa mwadzidzidzi, mphamvu ya maginito imagwa nthawi yomweyo, ndipo kugwako kumabala magetsi amphamvu kwambiri m'waya wachiwiri. Amenewa ndi amene amapita kupulagi.

Amene anaphunzira fizikisi kusekondale akumbukira phunziro la thiransifoma. Thiransifoma ya ESCOM imene ili pamtengo pafupi ndi sitolo imatsitsa magetsi kuti alowe m'nyumba, pomwe koilo imawakweza. Lamulo lake ndi limodzi, lomwe Michael Faraday anatulukira ku London m'chaka cha 1831. Patapita zaka zisanu, mu 1836, wansembe wa ku Ireland dzina lake Nicholas Callan anapanga koilo yoyamba ya mtunduwu ku Maynooth. Amene anailumikiza ndi batire, mapointi ndi disitiribyuta m'njira imene inafala m'galimoto ndi Charles Kettering wa kampani ya Delco ku Dayton, m'dziko la America, ndipo njira yakeyo inayamba kugwira ntchito m'galimoto za Cadillac mu 1910.

Chofunika kukumbukira n'chakuti koilo siigwira ntchito yokha. Pamafunika chinthu china choidulira magetsi panthawi yoyenera, ndipo pa chinthu chimenechi ndi pamene galimoto zimasiyana.

Galimoto yanu ndi ya m'badwo uti?

Galimoto za petulo zimene zili m'misewu yathu tingazigawe patatu. Gulu loyamba ndi la mapointi. Muno muli Peugeot 404 ndi 504, Datsun 1200 ndi 120Y, Land Rover zakale za petulo, Volkswagen ya kamba, ndi Toyota Corolla zakale za injini ya 4K. Koilo yake ndi ija yooneka ngati kachitini, imamangidwa pambali pa injini. M'kati mwa disitiribyuta muli tizitsulo tiwiri totseka ndi kutseguka, timene amakaniko amatitcha mapointi. Tikatseguka, magetsi amaduka ndipo koilo imatulutsa moto. Pambali pake pali kondensa yothandiza kuti mapointi asapse msanga.

Gulu lachiwiri lili ndi disitiribyuta koma lilibe mapointi. M'malo mwake muli sensa ndi kabokosi ka magetsi kotchedwa igniter. Njirayi inafala m'zaka za m'ma 1970, ndipo pofika 1975 kampani ya General Motors inali itaiika m'galimoto zake zambiri. Corolla za m'ma 1990 za injini ya 4A-FE ndi 5A-FE, zimene zikugwirabe ntchito ya matakisi m'maboma ambiri, zili m'gulu ili, ndipo koilo yake inabisidwa m'kati mwa disitiribyuta momwemo. Munthu akhoza kuifuna pambali pa injini tsiku lonse osaipeza.

Gulu lachitatu lilibe disitiribyuta. Pulagi iliyonse ili ndi koilo yakeyake yokhala pamwamba pake, ndipo kompyuta ya galimoto ndi imene imalamula nthawi yothetheka. Toyota inayamba kupanga injini ya 1NZ-FE mu 1999, ndipo ndi imene ili mu Probox, Sienta ndi Corolla zambiri zimene zimalowa m'dziko muno kudzera pa doko la Dar es Salaam ndi chipata cha Songwe. Kwa ife zimaoneka zatsopano, komatu Probox yoyamba inatuluka mu 2002 ndipo Sienta mu 2003. Zambiri mwa izi zapitirira zaka khumi ndi zisanu, ndiye makoilo ake akalamba.

Tisaiwale kuti injini ya dizilo ilibe koilo kapena mapulagi othetheka. Dizilo amayaka yekha chifukwa cha kutentha kwa mpweya wopanikizidwa. Choncho mwini minibasi kapena lole ya dizilo akauzidwa kuti vuto ndi koilo, adziwe kuti amene akumuuzayo sakuidziwa injiniyo.

Nambala ya pabokosi

Tsopano tibwere ku ma volts 40,000 aja. Magetsi a m'koilo amakwera mpaka pamene adumpha mpata wa pulagi, ndipo akangodumpha amasiya kukwera. Pa injini yabwino, yokhala ndi mapulagi abwino, kawirikawiri moto umadumpha pakati pa ma volts 10,000 ndi 15,000, ndipo chiwerengerochi chimakwera galimoto ikalemedwa kapena ikamakwera mtunda. Ngati pulagi ikufuna 12,000, koilo ya 25,000 ipereka 12,000, ndipo koilo ya 50,000 iperekanso 12,000 yomweyo. Nambala ya pabokosi ikungonena malire amene koilo ingafike itakakamizidwa.

Mphamvu yoyendetsa galimoto ili m'petulo ndi mpweya. Kuti ziyake bwino, gawo limodzi la petulo limafuna magawo pafupifupi 14.7 a mpweya poyeza kulemera. Moto wa pulagi uli ngati machesi pankhuni. Nkhuni zikakhala zouma ndipo zayaka, kukula kwa machesi amene munayatsira sikufulumizitsa nsima. Momwemonso, silinda imene ikuyaka bwino kale siipereka mphamvu yowonjezera chifukwa choti mwasintha koilo.

Koma nkhuni zikakhala zachinyontho, machesi ofooka amazima zisanagwire moto. Umu ndi mmene zimakhalira m'injini yozizira mmawa wa mwezi wa Juni, kapena imene kabuleta yake ikupereka petulo wochepa, kapenanso imene mapulagi ake adyeka mpaka mpata wakula. Pamenepa moto wamphamvu ndi wokhalitsa umathandizadi. N'chifukwa chake anthu ena amachitira umboni kuti atasintha koilo galimoto inasintha. Sakunama. Koilo yawo yakale inali itafooka ndipo masilinda ena sankayaka nthawi zonse. Yatsopano inangobwezeretsa zimene zinkatayika, ndipo koilo wamba yabwino ikanachitanso chimodzimodzi pa mtengo wotsika.

Palinso nkhani ya nthawi. Injini ya masilinda anayi imafuna moto kawiri pa kuzungulira kulikonse. Ikamazungulira maulendo 3,000 pa mphindi, ndiye kuti ikufuna moto maulendo 6,000 pa mphindi, kapena kuti 100 pa sekondi imodzi. Ngati koilo ndi imodzi, iyenera kudzaza ndi kukhuthula mphamvu yake maulendo 100 pa sekondi. Injini ikathamanga kwambiri, nthawi yodzazira imachepa ndipo moto umafooka. Pamene pulagi iliyonse ili ndi koilo yake, iliyonse imagwira ntchito maulendo 25 okha pa sekondi. Apa ndi pamene pagona ubwino wa njira yatsopano, ndipo ndi chifukwa chake makoilo a "mpikisano" amathandiza galimoto zothamangitsana zimene injini zake zimazungulira kwambiri. Pikiapu yonyamula matumba pamsewu wafumbi siifika kumeneko.

Masamu amene amapulumutsa mapointi

Kwa eni galimoto za gulu loyamba, nambala yofunika kwambiri pa koilo ndi ya ma ohms a waya woyamba. Ma ohms ndi muyeso wa mmene waya akutchingira magetsi. Lamulo lake ndi lophweka: gawani ma volts ndi ma ohms, mupeza ma amps, kutanthauza kuchuluka kwa magetsi oyenda m'wayamo.

Mapointi amapirira magetsi okwana ma amps anayi kapena kupitirira pang'ono. Ndiye koilo ya galimoto ya mapointi imakhala ya ma ohms pafupifupi atatu, poti 12 kugawa ndi 3 yankho ndi 4. Koilo yabuluu ya Bosch ndi ya Lucas yotchedwa Sports, zimene eni galimoto zakale amazikonda, zili m'gulu limeneli.

Galimoto zina za mapointi zili ndi koilo ya ma ohms 1.5, yothandizidwa ndi kachipangizo koyera kooneka ngati dothi lowotcha kotchedwa ballast resistor, kamene kamawonjezera ma ohms ena pafupifupi 1.5. Zonse pamodzi zimakwana atatu. Anachita izi ndi cholinga. Pamene mukuliza injini, sitata imakoka magetsi ambiri ndipo batire limatsika mphamvu. Panthawi yokhayo magetsi amalambalala kachipangizo kaja n'kupita kukoilo mwachindunji, kuti moto ukhalebe wamphamvu. Pa galimoto zina kachipangizoka sikaoneka chifukwa kanabisidwa m'waya wochokera ku kiyi.

Taonani tsopano zimene zimachitika munthu akasakaniza. Akaika koilo ya 1.5 pa galimoto yopanda ballast resistor, magetsi amafika ma amps asanu ndi atatu. Galimoto imalira bwino masiku oyamba, mwiniwake n'kusangalala, koma mapointi amapsa ndipo koilo imatentha mpaka kufa. Akaika koilo ya ma ohms atatu pa galimoto imene ili kale ndi ballast resistor, zonse pamodzi zimakwana 4.5, magetsi amatsika kufika pansi pa ma amps atatu, ndipo moto umakhala wofooka kuposa poyamba. Choopsa kwambiri ndi kuika koilo ya galimoto ya igniter, imene ma ohms ake nthawi zina safika ndi limodzi lomwe, pa galimoto ya mapointi. Koilo ya 0.6 ikhoza kukoka ma amps 20. Makoilo onsewa kunja amafanana, ndipo wogulitsa amene sanafunse za galimoto yanu angakupatseni iliyonse.

Kulumikiza nakonso kuli ndi lamulo. Pa galimoto zimene mbali yochotsera ya batire yamangidwa kuchitsulo cha galimoto, zomwe ndi pafupifupi zonse masiku ano, waya wochokera ku kiyi amapita pamene pali chizindikiro chophatikiza kapena nambala 15. Wopita ku disitiribyuta amamangidwa pa chizindikiro chochotsera kapena nambala 1. Mukatembenuza, galimoto imalirabe, koma pulagi imafuna mphamvu yochuluka kuti ithetheke, ndipo vuto limadzaonekera pa chitunda.

Kusintha kumene kuli ndi phindu

Ngati muli ndi galimoto ya mapointi ndipo mukufunadi kuiwongolera, ndalama zanu zingagwire ntchito bwino pochotsa mapointiwo. Mapointi amadyeka tsiku lililonse injini ikamayenda. Akamadyeka mpata wake, umene pa galimoto zambiri umayenera kukhala pafupifupi mamilimita 0.4, umasintha, ndipo tayimingi ya injini imasunthanso. Galimoto imene inatchunidwa bwino mu Epulo imakhala itafookanso pofika Okutobala, mwiniwake osadziwa chifukwa.

Pali tizipangizo ta magetsi timene timalowa m'malo mwa mapointi m'disitiribyuta yomweyo, monga ta kampani ya PerTronix ya ku America. Pa injini zina makaniko amatha kuika disitiribyuta yathunthu ya igniter yochokera pa galimoto ya mtundu womwewo koma yotuluka mochedwerapo. Popeza palibe zitsulo zokhudzana, palibe chodyeka, ndipo tayimingi imakhazikika. Galimoto imalira msanga mmawa ndipo simutsegulanso disitiribyuta miyezi ingapo iliyonse. Apa ndi pamene koilo ina ingafunikedi, koma ikhale ya ma ohms amene opanga kachipangizoko alemba.

Kwa ife okhala kutali ndi tauni pali chenjezo limodzi. Mapointi akavuta panjira, munthu amatha kuwapala ndi sandipepala n'kufika kunyumba. Kachipangizo ka magetsi kakafa, kafa basi. Choncho amene wasintha asataye mapointi ndi kondensa zakale. Azisunge m'galimoto pamodzi ndi sikuludiraiva.

Misewu yathu ilinso ndi mawu pa nkhaniyi. Makoilo a kachitini alipo a mitundu iwiri: ena ali ndi mafuta oziziritsa m'kati, ena anathiridwa zomatira zolimba zotchedwa epoxy. Amafuta amazizira bwino koma akhoza kudontha, ndipo amafuna kumangidwa monga opanga anenera. A epoxy amapirira kugwedezeka. Pa msewu wa mabampu ndi maenje, ichi ndi chifukwa chomveka chosankhira koilo kusiyana ndi nambala ya ma volts.

Kwa galimoto za gulu lachiwiri ndi lachitatu, palibe chifukwa chofunira koilo yoposa imene inabwera ndi galimoto. Kompyuta ndi igniter zinakonzedwa mogwirizana ndi koilo imeneyo. Ikafa, yankho ndi ina ya nambala yomweyo yochokera kwa wopanga wodalirika. Makoilo ambiri a Toyota amapangidwa ndi kampani ya Denso, ndipo nambala yake imayamba ndi 90919. Imalembedwa pamutu pa koilo yakale.

Zimene zimapha koilo

Koilo siifa kawirikawiri popanda chifukwa, ndipo mukaika yatsopano osachotsa chifukwacho, nayonso ifa. Mdani woyamba ndi pulagi yakutha. Mpata wa pulagi ukamakula, koilo imakakamizika kukweza magetsi nthawi iliyonse, mpaka magetsiwo amaboola zotchinga za m'kati mwake n'kupeza njira yachidule. Pulagi ndi yotsika mtengo kuposa koilo, koma ambiri timaisiya mpaka galimoto itakana. Mawaya a mapulagi osweka, rota yakutha ndi kapu ya disitiribyuta yong'aluka zimachitanso chimodzimodzi.

Wachiwiri ndi mafuta ndi madzi. Pa injini monga 1NZ-FE, pulagi imakhala pansi pa dzenje lalitali. Gasiketi ya pachivundikiro cha injini ikatha, oilo amadzaza m'dzenjemo n'kuwononga labala ya koilo. Kutsuka injini ndi paipi kapena ndowa, monga amachitira anyamata ambiri otsuka galimoto, kumalowetsa madzi m'malo momwemo. Galimoto imene yayamba kunjenjemera itangochoka kotsukidwa nthawi zambiri imangofuna kuti maenjewo aumitsidwe.

Wachitatu ndi chizolowezi chosiya kiyi ali potsegula injini itazima, mwina pomvera mpira pawailesi. Pa galimoto ya mapointi, ngati injini yaima mapointi ali otseka, magetsi amangoyenda m'koilo osaduka. Imatentha kwambiri ndipo mapointi amapsa.

Wachinayi ndi mayesedwe amene afala m'magalaja ambiri a pansi pa mtengo, ozula waya wa pulagi injini ikuyenda n'kuugwira patali kuti aone moto. Magetsi akasowa kodumphira amakwera mpaka malire, ndipo akhoza kuboola koilo kapena kupha igniter. Ndi zoopsanso kwa munthu, makamaka wodwala mtima, ndipo ngati pali petulo wodontha pafupi moto ukhoza kubuka.

Yezani musanagule

Koilo yofooka ili ndi zizindikiro zake. Injini imanjenjemera kapena kudumphadumpha, zomwe amakaniko amati ikumisa, makamaka mukaponda mafuta pa chitunda. Nthawi zina galimoto imayenda bwino ikadali yozizira, n'kuzima ikatentha, kenako n'kuliranso ikapuma kanthawi. Ku ekizozi kumamveka fungo la petulo wosapsa. Vuto ndi lakuti zizindikiro zomwezi zimabweranso ndi sefa ya mafuta yotsekeka, pampu ya petulo yofooka, kabuleta yakuda, mavavu otayitsa mpweya kapena batire ndi alternator zosakwana mphamvu. Kugula koilo chifukwa cha chizindikiro chokha n'chimodzimodzi kumwa mankhwala a malungo osayezetsa magazi.

Koilo ya kachitini imayezedwa ndi multimeter, kachipangizo kamene okonza mawailesi ndi mafoni ambiri ali nako. Kiyi akhale wotseka ndipo mawaya achotsedwe. Pakati pa timitu tiwiri tating'ono payenera kuoneka ma ohms a waya woyamba, atatu kapena 1.5 malinga ndi mtundu. Pakati pa kamutu kamodzi ndi bowo lapakati pamaoneka ma ohms masauzande angapo, kawirikawiri pakati pa 6,000 ndi 15,000. Ngati mita sikuwerenga kanthu, waya waduka m'kati. Koma dziwani kuti koilo ina imawerenga bwino ili yozizira n'kumalephera ikatentha, ndiye ndi bwino kuiyezanso injini itangozima. Yang'ananinso ngati pakhosi pake pali mng'alu, timizere takuda kapena mafuta odontha.

Pa galimoto imene pulagi iliyonse ili ndi koilo yake, njira yosavuta ndi yosinthanitsa. Makina owerengera kompyuta ya galimoto, amene magalaja ambiri a m'tauni ndi m'maboma ali nawo tsopano, amaonetsa silinda imene ikuvuta. Nambala P0301 ikutanthauza silinda yoyamba, P0302 yachiwiri, mpaka P0304, pomwe P0300 ikutanthauza kuti vuto silili pa silinda imodzi. Makaniko achotse koilo ya silinda yovutayo n'kuisinthanitsa ndi ya silinda ina. Vuto likasamuka pamodzi ndi koilo, ndiye kuti wolakwa wapezeka. Likatsala pomwepo, yang'anani pulagi, injector kapena mphamvu ya silindayo. Mayesowa satenga theka la ola, ndipo amapulumutsa munthu kugula makoilo anayi pamene yofa ndi imodzi, kapena pamene palibe yofa n'komwe.

Kuzengereza nakonso kuli ndi mtengo wake. Pa galimoto zambiri zakale, silinda imodzi mwa zinayi ikasiya kuyaka imalandirabe petulo, ndiye kuti pafupifupi lita imodzi pa malita anayi alionse imangotuluka ku ekizozi osagwira ntchito. Petulo wosapsayo amatsukanso oilo m'mbali mwa silinda, ndipo pa galimoto zatsopanoko amakayakira mu catalytic converter n'kuisungunula. Nyali ya injini ya padashibodi ikamathwanima, osati kungoyaka, ikukuuzani kuti zimenezi zikuchitika ndipo musapitirize ulendo wautali.

Pofika pogula

Mukatsimikiza kuti koilo ndi imene yafa, pitani kusitolo mutanyamula yakaleyo pamodzi ndi nambala ya chasisi ndi ya injini. Dzina la galimoto lokha silikwanira, chifukwa Corolla ya chaka chimodzi ikhoza kukhala ndi injini zosiyana. Ngati ndi ya kachitini, pemphani kuti ayeze ma ohms inu mukuona.

Chenjerani ndi katundu wachinyengo. Anthu osaona mtima amasindikiza mabokosi okhala ndi mayina odziwika monga Denso, NGK ndi Bosch n'kuikamo zipangizo zosalimba. Mtengo ukatsika kwambiri kuposa wa m'masitolo ena, zilembo zikakhala zofufutika kapena chipangizo chikapepuka kuposa chakale chija, bwererani. Koilo yakaunjika yeniyeni yochotsedwa pa injini yochokera ku Japan nthawi zambiri imakhalitsa kuposa yatsopano yachinyengo, bola muiyese pa galimoto musanalipire. Pemphani lisiti, ndipo mugwirizane zoti mudzabweza ikakanika.

Anzathu a kabaza wa njinga zamoto, nkhaniyi ndi yanunso. Njinga zambiri zili ndi koilo yaing'ono yogwira ntchito ndi kabokosi kotchedwa CDI, ndipo ziwirizi zimayenera kugwirizana. Njinga ikamakana kulira mvula ikagwa, yambani mwayang'ana kachipewa ka pulagi ndi waya wake musanagule china chilichonse.

Ndondomeko yabwino, kaya ndi pa Peugeot 504 kapena pa Sienta, ndi yoyambira pa zotsika mtengo. Onani batire ndi mawaya ake. Sinthani mapulagi n'kuika a nambala yoyenera, mpata wake utayezedwa. Yang'anani mawaya a mapulagi, rota, kapu ndi mapointi ngati zilipo, kenako tayimingi ndi sefa za mpweya ndi mafuta. Mukafika pa koilo zonsezi zili bwino ndipo mita kapena kusinthanitsa kwasonyeza kuti yafooka, isintheni osazengereza, ndipo galimoto idzabwerera mwakale. Makaniko akakuuzani kuti mugule "yamphamvu", mufunseni mwaulemu mafunso awiri: wayeza chiyani pa koilo yakale, ndipo yatsopanoyo ndi ya ma ohms angati? Makaniko wodziwa ntchito yake sadzakhumudwa ndi mafunso amenewa, ndipo adzakuyankhani mita ili m'manja.